Cache pa sitolo ya pa intaneti: musaikemo zonse

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikamba za cache, malo osungiramo kope la mayankho kwa kanthawi kuti azipezeka msanga, ndipo pali bodza lina limene landikwana, tilifikira posachedwa.

Mwachidule, pali foni ya wogula, seva ya pulogalamu pakati, ndi database, nkhokwe yosunga zonse zokhudza katundu, kumbuyo. Pa Black Friday anthu masauzande akatsegula tsamba la nsapato imodzimodziyo, database imafunsidwa funso lomwelomwelo mpaka kulemedwa. Cache imakhala pakatipo, mu RAM (memory yachangu ya kompyuta), ngati shuga ndi sopo zimene mwini golosale amaika pafupi ndi kauntala kuti asamangothamangira kuchipinda cha katundu.

Choyamba, pulogalamu ifunse cache. Chachiwiri, yankho likasowa ipite ku database, pobwerera isiye kope mu cache. Chachitatu, ikani TTL, nthawi imene kopelo lidzafufutike. Zida zake ndi Memcached, imene Brad Fitzpatrick analembera webusaiti ya LiveJournal mu 2003, kapena Redis ya Salvatore Sanfilippo, ya 2009. 

Tsopano bodza lija: akuti ikani zonse mu cache, sitolo iziuluka. Ayi, abale anga! Cache imasunga kope, ndipo kope limatsalira. Tiyerekeze patsala peyala imodzi ya nsapato. Wina wagula 10 koloko. TTL munaika mphindi 5, ndiye cache ikunenabe kuti nsapato ilipo. Mphindi zisanuzo anthu ena atatu alipira. Mawa lake ndinu muli pafoni kupepesa, kubweza ndalama, ndipo wogula wokwiya sabweranso. Zimandiwawa chifukwa n'zopewedwa. Dzina la katundu, zithunzi, mafotokozedwe ake, ikani mosaopa, sizisinthasintha. Koma pa nthawi yolipira, mtengo ndi chiwerengero cha katundu wotsala zichokere ku database yeniyeni, m'kati mwa transaction (ntchito imene database imaichita yonse pamodzi kapena kuisiya yonse). Mukasintha mtengo, fufutani key yake, dzina limene kopelo lasungidwa nalo mu cache, nthawi yomweyo, osadikira TTL. Amene zinakuchitikiranipo, tiuzeni, ndikufuna kumva.

Chachinayi, ndinatsala pang'ono kuiwala. Ma key otchuka akatha onse nthawi imodzi, mafunso onse amakhamukira ku database mwakamodzi, imene ija mumaiteteza n'kugwa. Imeneyi amaitcha cache stampede. Siyanitsani TTL ndi masekondi angapo, kapena lolani pempho limodzi lokha likatenge yankho ena akudikira. Vidiyo ya sabata yamawa tidzalemba khodi yake limodzi.