Usiku umene anandiuza kuti ndibweze foni m'thumba

Moni nonse akumudzi, komanso inu amene tikuvutikira limodzi kuno ku Harare. Mukamva mahutala a makombi (maminibasi a kuno), pepani, zenera langa linayang'ana kumsewu.

Loweruka lapitali abambo eni nyumba imene ndimachita lendi kuno ku Highfield anandiitanira ku bira, mwambo wa Ashona woitana mizimu ya makolo. Umachezera usiku wonse. Anyamata atatu ankaimba mbira (chida choimba ndi zala, chonga sansi yathu), iliyonse ya tizitsulo 22 kapena kuposa, ataiika m'chipanda chachikulu chimene amati deze. M'mphepete mwa chipandacho anamangamo tizitsekerero ta mabotolo, ndiye pansi pa nyimboyo pamamveka kuti zzzz osalekeza. Ine ndinkaganiza kuti chipandacho chinang'aluka. Mnzanga anaseka mpaka misozi, akuti popanda kulira kumeneko mbirayo ili ngati ndiwo zopanda mchere.

Pakati pausiku zinandikomera, ndinatulutsa foni kuti ndikujambulireni. Agogo ena anandigwira dzanja mwakachetechete. "Mdzukulu, bweza m'thumba. Pano sitikuimba, tikuitana."

Mawu amenewa sanandichoke. Makutu anga ankamva nyimbo, eni ake ankamva kuitana. Ndiye nyimbo n'chiyani? Ife timaimba nyimbo, timaimba ng'oma, timaimba foni, mpaka munthu timamuimba mlandu! Anzathu kuno kuimba n'kwa pakamwa, chida amati kuridza.

Ndisanamalize kudabwa, zinanditembenukira. Gule Wamkulu alipo kuno, anabwera ndi agogo athu amene ankagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo Ashona amamutchula zvigure. Mnzanga wa kuntchito anaona gule pamaliro ku Mufakose, dera lina la Harare, Lolemba n'kundifunsa kuti, "Nyimbo zija zimapezeka pa YouTube?" Ndinasowa poyambira. Nditchule chiyani? Ng'oma ya mbalule imene imatsogolera mapazi a chilombo? Amayi oimba ndi kuomba m'manja? Fumbi? Mukachotsa chilombo m'bwalo n'kutsala ndi ng'oma zokha m'sipika, ameneyo si gule. Ndinapezeka ndikumuyankha ngati agogo aja, kuti paja sitinkasangalala, tinkaperekeza munthu.

Chodabwitsa china: mu 2020 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemba mbira ndi sansi yathu pamodzi, ngati chuma cha Zimbabwe ndi Malawi. Papepala ndi chinthu chimodzi. Koma sansi imene ndimaikumbukira ine ndi ya malume anga ku Dedza, atakhala pakhonde madzulo, akudandaula za mitengo ya feteleza. Palibe mzimu umene unabwerapo, kupatula nkhuku.

Ku bira kuja ndinatuluka kutacha, miyendo ili zii. Agogo aja anandipatsa chikho cha mowa wamasese n'kundifunsa ngati kwathu mizimu imamva Chishona. Ndinawauza kuti ndikawafunsa amalume pa Khirisimasi.