Ndudu Zozembetsa: Paketi Imodzi, Malire Ambiri

[Chithunzi: mtsinje wa Limpopo usiku, anthu asenza makatoni]

Taonani anthu awa. Akuwoloka Limpopo chakufupi ndi Beitbridge, pamalire a Zimbabwe ndi South Africa, madzi ali m'chiuno, makatoni a ndudu ali pamutu. Kutsidya kuli galimoto yozimitsa nyali, ikuwadikira. Apolisi akatulukira, okagona m'chitokosi ndi iwowa. Mwini katundu dzina lake silimveka n'komwe.

Chikuwalowetsa m'madzi a ng'ona n'chiyani? Msonkho. Ku South Africa gawo lalikulu la mtengo wa paketi ndi msonkho, ndiye wouzemba amagulitsa motchipa koma phindu lake n'kukhala la mnanu. Abale athu a ku Joni amazidziwa ndudu zotulutsidwa pansi pa kauntala, zomwe mtengo wake sufika ngakhale pa msonkho wokhawo.

Zinthu zidafika poipa mu 2020. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Ogasiti, boma la South Africa lidaletsa kugulitsa fodya chifukwa cha Covid-19. Osuta ambiri sadaleke. Adangosintha kogula, ndipo chiletso chitatha njira zija zidatsala zili zotsegula. Ofufuza a ku yunivesite ya Cape Town adapeza kuti m'zaka zotsatira ndudu zoposa theka pamsika wa dzikolo zidali zosalipira msonkho.

[Chithunzi: makina opangira ndudu m'fakitale]

Apa mumvetsetse. Si zonse zimaoloka mtsinje ayi. Zambiri zimapangidwa m'mafakitale olembetsedwa bwinobwino, kungoti zina sizilembedwa m'mabuku. Zina amazilemba kuti zikupita kunja, n'kubwereranso mwakachetechete. Ndalama zake zimatuluka m'dziko, kukabisala m'mabanki akunja kapena mu golide, ndipo m'njira monsemo muli ziphuphu. Ndudu dziko lina, ndalama dziko lina, bwana dziko linanso. Wapolisi wa dziko limodzi akafika pamalire, mphamvu zake zathera pomwepo.

N'chifukwa chake mu Novembala 2012, ku Seoul, ku South Korea, maiko a m'pangano loona za fodya la WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, adagwirizana pa pangano lina lothana ndi malonda ozembetsawa. Lidayamba kugwira ntchito pa 25 Seputembala 2018. Limafuna kuti paketi iliyonse ikhale ndi chizindikiro chakechake chosafufutika, chonena komwe idapangidwa, tsiku lake ndi msika womwe ikupita. Ofisala wa kasitomu akagwira thiraki, athe kulondola mpaka kufakitale. Limalamulanso malaisensi a opanga ndudu, kugawana uthenga, ndi kuthandizana pa milandu.

Mfundo yomwe ine ndimaiona yofunika koposa ndi iyi: ntchito yolondolayi boma lisaipereke m'manja mwa makampani a fodya. Simungasiyire fisi khola la mbuzi. Mu 2004, kampani ya fodya ya Philip Morris International idavomera kulipira European Union ndalama zofika madola 1.25 biliyoni pa zaka 12, ndipo milandu yokhudza kuzembetsa ndudu yomwe kampaniyo inkazengedwa idathera pomwepo. Mu 2008, ku Canada, makampani awiri akuluakulu a fodya adavomera mlandu wothandizira kuzembetsa.

[Chithunzi: mabelo a fodya ku Kanengo]

Malawi, dziko lodalira fodya wa bale, idalowa m'pangano lalikulu la WHO lija mu 2023. Ndipo mathiraki athu opita ku Joni amadutsa pa Beitbridge pomwepo, pamwamba pa madzi omwe anthu aja akuwoloka.