Makalata a Omvera: Chiliza cha Bambo, Thukuta la Mayi

Takulandiraninso omvera, nthawi ya makalata anu yakwana. Lero ndatola awiri okha, chifukwa yoyambayi ndi yaitali ndipo sindikufuna kuidula. Yachokera ku Dedza, kwa mayi amene apempha kuti tisawatchule dzina. Akuti:

"Zikomo aulutsi. Bambo anga anatisiya chaka chatha, ndipo mwezi wa mawa tikukavundukula chiliza chawo. Malemuwa anali munthu wa anthu. Mjigo wa m'mudzi ukafa, ankayenda khomo ndi khomo ndi kakope kothothoka chikuto, kusonkhetsa ndalama zokonzetsera. Ndiwo ankatsogolera kuumba njerwa za mdadada wa sukulu. Mayi woyembekezera akayamba matenda usiku, anthu ankagogoda kwathu kudzabwereka njinga, ndipo kawirikawiri bambo ankapalasa okha mpaka kuchipatala. Komabe madzulo sankalephera kuona makope athu pa koloboyi. Pamaliro analankhula amfumu, ampingo ndi akomiti, onse kutama bambo. Palibe anatchula mayi anga, amene ankalima okha bambo ali kumisonkhano, n'kumaphikiranso alendo a chitukuko ndi ufa wa ana. Pano akuchimuna akufuna njinga ija ndi malata amene bambo anasiya asanafolere nyumba. Ndikalankhule chiyani pa chiliza popanda kuutsa mapiri pachigwa?"

Pepani kwambiri mayi. Kakope kothothoka kaja ndakaona m'maso mwanga pamene ndimawerenga, chifukwa pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi bambo wotere, amene anthu amamukumbukira tsiku limene mjigo wafanso.

Kalata yanu yandikumbutsa a Orton Chirwa. Achinyamata ambiri amangomva dzina. Anabadwa mu 1919, ndipo ndiwo Mmalawi woyamba kukhala loya. Mu 1959, a Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo, iwo anayambitsa chipani cha Malawi Congress, n'kudzawapatsa a Kamuzu utsogoleri atatuluka mu 1960. A Orton anakhala nduna ya zachilungamo, koma pa mkangano wa nduna wa 1964 anathawira ku Tanzania. Tsono mvetserani apa: akazi awo, mayi Vera Chirwa, amenenso ndi mayi woyamba kukhala loya m'dziko muno, anawatsatira ku moyo wa uthawathawa. Pa 24 Disembala 1981 anagwidwa onse awiri pamodzi ndi mwana wawo. Bwalo la makolo, kumene munthu sankaloledwa kukhala ndi loya, linawagamula kuti aphedwe mu 1983, ndipo chaka chotsatira chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Anali ku ndende ya Zomba onse awiri, koma anatha zaka zisanu ndi zitatu osaonana, mpaka mu Seputembala 1992 pamene maloya ochokera ku Britain anabwera kudzawayendera. Pa 20 Okutobala chaka chomwecho a Orton anamwalira m'ndendemo. Mayi Vera sanaloledwe kukaika amuna awo, ndipo anatulutsidwa mu Januwale 1993.

Ndani angafotokoze mbiri ya a Orton n'kusiya mayi Vera? Angakhale akunama. Ndiye inunso mayi, pa tsikulo musaope. Yambani ndi bambo, fotokozani za mjigo, za njerwa, za njinga. Kenaka nenani kuti nthawi yonse imeneyo kumunda kunali ndani, pamoto panali ndani. Apempheni mayi anu aimirire anthu awaone. Sindikhulupirira kuti pali mfumu kapena m'busa amene angakwiye nazo, ndipo malemuwo, monga mwawafotokozera, akanakondwera.

Koma za njinga ndi malata musazitengere kumanda. Kumeneko anthu amakhala ndi misozi pafupi, mawu amodzi okha akhoza kugawa banja. Tsikulo lisanafike, khalani pansi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamaso pa amfumu. Ndikudziwa kuti kwathu kwa Achewa akuchimuna amaona ngati katundu wa mbale wawo ndi wawo, koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Zikakanika pamudzi, pitani ku ofesi ya DC kapena kupolisi, ku nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Malatawo afolere nyumba imene mayi anu akugonamo.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yachokera kwa bambo wina ku Nkhotakota. Akuti: "Malume anga anadzala mitengo kuzungulira sukulu ya kwathu ndipo ankaphunzitsa sukulu ya kwacha osalandira kanthu. Tasonkha ndalama pa banja, koma tagawikana. Ena akufuna chiliza cha matailosi, ine ndikuti tigule mabuku a sukulu. Wolondola ndani?"

Achimwene, pamenepa ndikukhala mbali yanu, koma osati yonse. Musanyoze ofuna chiliza. Kwa azakhali anu ndi ana awo, manda osamangidwa amakhala ngati ngongole, ndipo anthu pamudzi amalankhula. Chimene ndingakane ndi mpikisano wa matailosi, wakuti chathu chipose cha a uje. Mangani cha simenti chooneka bwino, mulembepo dzina ndi zaka, ndalama zotsalazo mukaonane ndi aphunzitsi aakulu akuuzeni chimene chikusowa. Mwina akuuzani kuti si mabuku, ndi mabenchi kapena chitseko cha kalasi. Ndipo funsani kaye azakhaliwo ngati ana a malume anu ali ndi fizi ya teremu ikubwerayi, musanapite kukagulira mabuku ana a eni.