Kuphatikiza ma vector: mapazi aponda mamita 110, koma wasuntha mamita 50 okha

Moni ophunzira nonse. Lero tikuphatikiza ma vector, miyeso imene ili ndi kukula komanso kumene yaloza, ndipo timaijambula ngati mivi. Tengani pepala, rula ndi kakyuleta, tiyambepo.

Mwana wanyamuka pakhomo kukatunga madzi. Wayenda mamita 60 kum'mawa, wakhotera kumpoto mamita 30, kenako mamita 20 kumadzulo n'kufika pamjigo. Displacement yake ndi yotani?

Ambiri amangowonkhetsa 60, 30 ndi 20 n'kulemba 110. Umenewo ndi mtunda wonse umene wayenda, distance. Displacement ndi mzere wowongoka kuchokera pakhomo mpaka pamjigo, ndipo yankho lake liyenera kutchula kutalika komanso kumene mzerewo waloza.

Tijambule kaye. Sentimita imodzi iimire mamita 10. Muvi woyamba masentimita 6 kumanja. Wachiwiri uyambire pansonga ya woyambawo, masentimita 3 kukwera m'mwamba. Wachitatu, masentimita 2 kumanzere. Musayambitse mivi yonse pamalo amodzi ayi, uliwonse uzinyamukira pamene unzake wathera. Tsopano lumikizani poyambira ndi nsonga yomaliza. Mukayeza mupeza masentimita 5, kutanthauza mamita 50.

Masamu akugwirizana nazo. Kum'mawa tikupatse plus, kumadzulo minus: 60 kuchotsa 20, atsala 40. Kumpoto kuli 30. Mbali ziwirizi zakumana pa ngodya ya madigiri 90, ndiye Pythagoras agwira ntchito: 40 kuchulukitsa ndi 40 ndi 1600, 30 kuchulukitsa ndi 30 ndi 900; 1600 kuphatikiza 900 ndi 2500, square root yake ndi 50.

Apa ndi pamene malikisi amathawira, chifukwa wophunzira amalemba 50 n'kuika cholembera pansi osapeza ngodya yosonyeza kumene mzerewo waloza. Gawani 30 ndi 40, mupeza 0.75, dinani tan inverse pa kakyuleta: madigiri 36.9 kuchokera kum'mawa kupendekera kumpoto. Funso likafuna bearing, ngodya yolembedwa ndi manambala atatu, werengani kuchokera kumpoto motsata mayendedwe a wotchi, mupeza 053. Kakyuleta ikakupatsani 0.64, dziwani kuti ili pa RAD (muyeso wina wa ngodya, ma radian), ibwezeni pa DEG (madigiri).

Nanga mwanayo akanadutsa chopingasa, mamita 10 pa madigiri 30 kuchokera kum'mawa kupendekera kumpoto? Muvi wotere umayamba wagawidwa pawiri: 10 cos 30 ndi 8.66 wa kum'mawa, 10 sin 30 ndi 5 wa kumpoto. Za kum'mawa muziphatikize pazokha, za kumpoto pazokha, Pythagoras abwere pomaliza.

Tsopano muyese iyi: mamita 120 kumadzulo, kenako mamita 50 kumwera. Pezani kutalika ndi ngodya yomwe.