Makalata a Omvera: Kodi kansomba kangaimitse damu?

Takulandirani omvera nonse. Sabata ino makalata ambiri abwera ndi nkhani imodzi, yoti maboma ena akufuna kufewetsa malamulo oteteza nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu, ati kuti misewu, migodi ndi madamu zisamachedwe.

Ndiyambe ndi bambo wina amene akuti ndi mmisiri womanga. Alemba motere: "Inu apawailesi mumakonda achule kuposa anthu. Ntchito yoti ikanalemba anthu ambiri imaima zaka chifukwa cha kachilombo komwe palibe anakaonapo. Nanga ana athu adye chiyani?"

Achimwene, ine ndi achule palibe chibale, mkazi wanga angandichitire umboni. Koma kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa funso la ana si lachibwana. Ndikufotokozereni zimene zinachitika ku America. Lamulo lawo loteteza nyama zoterezi linakhazikitsidwa mu 1973. Chaka chomwecho, mumtsinje wa Little Tennessee munapezeka kansomba kotchedwa snail darter, kotalika ngati chala chanuchi. Pamtsinjepo ankamanga damu la Tellico. Mu 1978 khoti lalikulu linalamula kuti ntchito iime, ngakhale damulo linali litatsala pang'ono kutha. Anthu anakwiya ngati mmene mwakwiyira inumu. Chaka chotsatira aphungu anapanga lamulo lapadera, damu linamalizidwa.

Ndiye mukuti mwapambana mlandu? Dikirani kaye. Phokoso lonselo linachititsa kuti akatswiri asamutsire kansombako m'mitsinje ina, n'kukafufuzanso kwina kumene kangapezeke. Mu 2022 kanachotsedwa pamndandanda wa nyama zofunika chitetezo chifukwa kanachulukanso. Damu lilipo, nsomba ilipo. Pakanapanda lamulo loluma, ndani akanataya nthawi kusuzumira m'madzimo?

Chimene chikundisowetsa tulo ndi china. Mu 2025 boma la dziko lomwelo linabwera ndi ganizo loti mawu akuti "kuvulaza nyama" asamakhudzenso kuwononga malo amene nyamayo imakhala. Taganizani, achimwene: munthu akugwetsereni nyumba, akwirire chitsime, aotche munda, kenako anene kuti sindinakukhudzeni. Mungamuombere m'manja? Nyama zambiri sizikutha ndi mfuti, zikutha chifukwa chosowa pogona ndi poswanira. Kuti maofesi amachedwetsa mapepala, pamenepo ndikugwirizana nanu kwathunthu. Alembe akatswiri okwanira, kafukufuku azitha msanga. Koma kuchedwa kwa mapepala si chifukwa chozulira lamulo mano. Kuthamanga sikufika.

Mayi ena afunsa kuti nyama yonyansa ngati muimba ili ndi phindu lanji. Mayi, afunseni anthu a ku India. Kumeneko miimba inafa pafupifupi yonse itadya mitembo ya ng'ombe zomwe zinkapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu otchedwa diclofenac. Mitembo inayamba kuwolera pamtunda, agalu osokera anachuluka, chiwewe nacho chinapeza mpata. Mankhwalawo anawaletsa pa ziweto mu 2006, madzi atatayika kale.

Mwana wasukulu wafunsa ngati nyama itatsala pang'ono kutha ingabwererenso. Inde mwanawe. Chiwombankhanga cha mutu woyera cha ku America chinatsala mabanja 417 okha mu 1963, lero chili mbwee. Koma zipembere zoyera za kumpoto zatsala ziwiri basi, kumalo osungira nyama a Ol Pejeta m'dziko la Kenya, zonse zazikazi. Yamphongo yomaliza inafa mu 2018. Walemba bwino, kungoti uzisiyako mpata pakati pa mawu, maso anga akalamba.

Inu atatu amene mwalemba kuti "boma lichitepo kanthu" n'kuthera pomwepo, ndikudzudzuleni pang'ono. Ntchito zikuluzikulu zisanayambe, m'maiko ambiri pamakhala misonkhano yomva maganizo a anthu. Mipando imakhala yopanda anthu, inu muli kalikiliki kulembera ine, munthu wopanda ngakhale chidindo.

Ndipo bambo amene mwafunsa ngati udzudzu nawo uli pamndandanda wotetezedwa, ombani m'manja momasuka usiku uno, palibe akumangeni. Nthawi yatithera, makalata otsalawa tiwaona sabata yamawa.