Kugona panja ndi galu m'chipululu cha Mojave nthawi yozizira

Zikomo amayi ndi abambo, tiyeni tiyambe. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Tikati chipululu, ambiri mumaganiza za dzuwa loswa mtengo. Ku Mojave, ku California, mu Disembala ndi Januwale masana mukhoza kuyenda ndi malaya amodzi, koma dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ndipo m'bandakucha madzi a m'botolo mumawapeza atauma gwa. Mpweya wa kumeneko ndi wouma, mitambo imasowa, ndiye kutentha konse kwa masana kumathawa msanga. Usikuwo umatenga maola pafupifupi 14. Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni ndi chiyambi chabe. Inu mukazizidwa mumanena, mumavala juzi. Galu sanena, choncho zonse muyenera kumuganizira musananyamuke.

Malo ena salola agalu. Ku Joshua Tree National Park galu saloledwa m'njira zoyenda pansi, amathera pafupi ndi msewu ndi malo omanga matenti. Ku Mojave National Preserve amaloledwa, bola akhale pa chingwe chosapitirira mamita 1.8. Kumeneko kuli njira yochokera ku Mid Hills kupita ku Hole-in-the-Wall, makilomita pafupifupi 13, ndipo Mid Hills ili pamtunda wa mamita 1,700, moti nthawi zina kumagwa chipale chofewa. Ulendo woyamba musaimalize yonse. Makilomita 5 kapena 6 akwana, 3 koloko ikamakwana tenti ikhale itaima. Mafuta a galimoto thirirani m'tauni ya Baker chifukwa m'kati mwa Mojave National Preserve mulibe pothirira, ndipo netiweki ya foni njosadalirika. Uzani munthu kunyumba komwe mukagone ndi ola lomwe mubwerere.

Tsopano madzi, pamene pagona nkhani. Musadalire kasupe wolembedwa pamapu, ambiri amakhala ouma. Munthu amafuna malita 4 pa tsiku. Galu akangokhala pakhomo amamwa mamililita pafupifupi 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, koma akamayenda tsiku lonse muwerengere kawiri. Galu wa makilogalamu 20 ndiye kuti malita awiri ndi theka. Masiku awiri: inu malita 8, galu malita 5, kuphatikizapo lita imodzi yophikira. Amenewo ndi makilogalamu 14 a madzi okhaokha, tenti musanaiwerengere. Mwaona chifukwa chake ndikuti mtunda ukhale waufupi?

Kukazizira ludzu silimveka, kwa munthu ndi kwa galu yemwe, komabe mpweya woumawo ukumutapa madzi nthawi iliyonse akamapuma wefuwefu. Muzimupatsa m'kambale ola lililonse. Akakana, thirani madzi ofunda m'chakudya chake. Otsala m'kambale musataye, abwezereni m'botolo lake. Usiku botolo limodzi mugone nalo m'thumba logonamo, enawo muwaike chozondoka, chifukwa madzi amayamba kuuma pamwamba ndipo simufuna chivindikiro chigwidwe ndi ayezi.

Mayi mwafunsa ngati galu anganyamule katundu wake. Inde, koma osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, ndipo amenewo ndi malire a galu wozolowera. Woyamba kumene mupatseni makilogalamu awiri, mbali zonse zilemere mofanana, apo ayi kachikwamako kamapendama n'kumusupula m'khwapa. Mwana wagalu ndi galu wokalamba asanyamule kanthu.

Pogona. Galu wa kumudzi amadziwa chifukwa chake amagona paphulusa: chisanu chimachokera pansi. Bulangete pamwamba popanda choyala pansi ndi ntchito yachabe, chifukwa ubweya ukapanikizika ndi thupi sufunditsanso. Dulani chidutswa cha siponji yolimba yoyala pansi, chotalika ngati galuyo, muike pambali panu m'tenti. Wa ubweya waufupi muvekeni kajekete dzuwa likangolowa, asanayambe kunjenjemera, ndipo akhale wouma. Chakudya muonjezere gawo limodzi mwa anayi, china mumupatse pogona, poti thupi likamagaya chakudya limatulutsa kutentha. Inu nomwe siyani zovala za thonje, zikanyowa ndi thukuta siziuma. Thumba lanu logonamo likhale lopirira mpaka madigiri 7 pansi pa ziro.

Pakati pa usiku muzimugwira makutu ndi mapazi. Kunjenjemera ndi chenjezo loyamba. Choopsa ndi pamene wasiya kunjenjemera koma ali lefu, akuchedwa kudzuka mukamuitana, nkhama zayera. Pamenepo mulowetseni m'thumba lanu, ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'sokosi pamimba pake, ndipo ulendo wathera pomwepo, mukuthamangira kwa dokotala wa ziweto. Mbaula ya gasi musayatsire m'tenti kuti mufunde, mpweya wake umapha mwakachetechete. Gasi wa butane yekha amakananso kuyaka kukazizira kufika pa ziro, gulani wosakaniza ndi propane.

Tenti musamange m'khwawa, ngakhale mchenga wake ukhale wofewa bwanji. Mphepo yozizira imatsikira mmenemo usiku, ndipo mvula yogwa kumapiri kutali imabweretsa madzi osefukira inu nyenyezi mukuziona.

Pali kakitasi, chomera chaminga cha m'chipululu, wotchedwa cholla amene muyenera kumudziwa. Tizidutswa take timagwa pansi ngati timipira ta minga, ndipo minga yake ili ndi tingowe. Galu akaponda amafuna kuchotsa ndi mano, basi kamukanirira pamlomo ndi palilime. Mugwireni mutu msanga. Lowetsani chipeso pakati pa khungu ndi kachidutswako, kankhirani kutali ndi inu kamodzi n'kamodzi, kenako zulani minga yotsala ndi kopanira kachitsulo. Ndi zala musayerekeze. Chipesocho chikhale m'thumba la buluku, osati pansi pa chikwama. Miyala ndi mchenga wokhakhala zimaperesanso mapazi, ndiye tengani tinsapato ta galu ndi bandeji, ndipo tinsapatoto ayambe kutizolowera kunyumba. Akavulala musamupatse ibuprofen kapena panado wanu, kwa galu ndi poizoni.

Chingwe chija sichongokondweretsa alonda. Usiku kumalira nkhandwe za kumeneko zotchedwa coyote, ndipo galu akazithamangira mumdima simungamutsate. Musamulolenso kukumba mauna. M'menemo mumagona akamba otetezedwa ndi lamulo, njoka zobisala chisanu, komanso fumbi la dothilo limatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo otchedwa Valley fever. Akayamba kutsokomola patapita sabata imodzi kapena zitatu, muuzeni dokotala komwe munapita. Ndowe zake muwole m'pepala la pulasitiki mubwerere nazo, chifukwa m'dothi louma ngati limenelo zimachedwa kuola.