Kasawala, nkhono ndi likodzo: mawu a wofufuza za m'madzi kwa asodzi ku Mangochi

Zikomo a gulupu, mafumu nonse, a komiti ya padooko, amayi ndi abambo. Amene muli padzuwa sunthirani kuno kumthunzi, malo alipo.

Ambiri mwakhala mukundiona m'mamawa ndikuyeza nsomba zanu pa kathabwa, ena mumafunsa kuti kodi boma likufuna kuyamba kudula msonkho wa nsomba. Ayi ndithu. Ntchito yanga ndi kuwerenga zamoyo za m'nyanja ndi kuphunzitsa ana a sukulu zimene tapeza, ndipo lero ndati ndikuuzeni inu eni ake, pakuti nsomba zimene ndimayezazo ndi zanu.

Ndiyambe ndi funso limene mkulu wina anandifunsa sabata yatha: nyanja yaikulu chonchi ingathe bwanji nsomba? Kukula, nyanja ya Malawi ndi yaikuludi. M'litali imapitirira makilomita 550, ndipo cha kumpoto kwa Nkhata Bay kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700. Koma tikatsitsa chipangizo choyezera mpweya, tikangodutsa mamita pafupifupi 250 mpweya umene nsomba zimapuma umatha. Pansi pamenepo palibe kampango, palibe ndunduma, ndi madzi akufa. Madzi a pamwamba ndi ofunda, a pansi ndi ozizira, ndipo sasakanikirana kufika pansi penipeni. Chimene chimatithandiza ife a kummwera kuno ndi mwera. Ukawomba m'miyezi yozizira umakankhira madzi a pamwamba kumpoto, ndipo kuno kumatumphuka madzi ozizira okhala ndi chonde. Chondecho chimameretsa ndere, ndere zimadyetsa tizilombo ting'onoting'ono, tizilomboto ndi chakudya cha usipa ndi utaka. Mphepo imene imakuletsani kulowa panyanja ija ndi imene imakuthirirani manyowa m'munda mwanu.

Tsono chambo, chimene ndabwerera kwenikweni. Chambo si nsomba imodzi, ndi mitundu itatu yapachibale, ndipo ofufuza anayamba kale kuzilondola. Mayi wina wa ku England, Rosemary Lowe, anakhala m'mbali mwa nyanja ino kuyambira 1945 mpaka 1947 akutumbula chambo ndi kulemba zimene ankaona. Zimene analemba zikugwirizana ndi zimene agogo anu ankadziwa. Chambo chachimuna chimakumba chisa pa mchenga, chozungulira ngati lichero. Chachikazi chimaikira mazira, kenako n'kuwatola onse m'kamwa. Kwa masabata angapo sichidya, chimangosunga anawo. Akakula pang'ono chimapita nawo m'madzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu a m'madzi, n'kuwalavula kumeneko. Amenewo ndiye kasawala. Kuti kasawala afike poswana naye, pamatenga zaka pafupifupi zitatu.

Taganizani tsono khoka likamakokedwa pa mchenga mu Novembala. Limafafaniza zisa, limagwira mayi ali ndi ana mazana m'kamwa. Inu amayi ogulitsa nsomba mwaonapo chambo chikulavula timazira tachikasu pa mchenga chikamafa. Ndiye chifukwa chake boma limatseka makoka mu Novembala ndi Disembala, ndipo lamulo limaletsa kugwira chambo chosakwana masentimita 15. Koma ine chimene chimandiwawa koposa ndi neti ya udzudzu. Maso ake sadutsa kanthu. Mwana akaikoka kawiri m'mabango amadzaza beseni ndi kasawala amene akanadzakhala chambo chodzaza bwato. Ndikudziwa kuti amene amachita zimenezi sachitira mwano, pakhomo pamakhala palibe ndiwo. Sindinabwere kudzanyoza munthu wanjala. Koma beseni limenelo ndi ngongole imene tikutenga kwa ana omwewo.

Simufunika kupita kutali kuti muone mathero ake. Malombe ali pafupi pompa. M'zaka za m'ma 1980 nyanja imeneyo inkatulutsa matani masauzande a chambo pa chaka. Makoka ndi nkacha zitachuluka, maudzu a pansi anazulidwa, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitagwa, kunatsala kambuzi. Makomiti a padooko ngati yanuyi anayambira kumeneko mu 1993, boma litaona kuti lokha silingathe. Papita zaka zoposa 30 koma chambo cha ku Malombe sichinabwerere mwakale. Ndipo achikulire pano akukumbukira nchila. Ndani mwa anyamatawa anadyapo nchila? Onani, palibe dzanja lakwera. Inali nsomba yodzaza makoka masiku amenewo.

Pali nkhani ina imene ndimafuna makamaka amayi aimve, pakuti ndinu mumapita ndi ana kuchipatala. Ndi nkhani ya likodzo. Munthu wodwala likodzo akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, tizilomboto timalowa mu nkhono za m'madzi, timachulukana mmenemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense wosamba kapena wochapa. Popanda nkhono, likodzo silingayende kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Tsono m'nyanja muno muli nsomba zina za mano olimba kukhosi zimene chakudya chake ndi nkhono zomwezo. Ku Chembe, ku Cape Maclear, wofufuza wa ku America dzina lake Jay Stauffer ndi anzake akhala akumira m'madzi kwa zaka zambiri kuwerenga nsomba zimenezi. Anaona kuti pamene makoka a maso aang'ono anachuluka m'mphepete, nsomba zodya nkhono zinachepa, nkhono zinachuluka pa mchenga, ndipo likodzo linakwera pakati pa ana. M'madzi a m'paki ya Lake Malawi National Park komweko, mmene usodzi ndi woletsedwa, nsombazo zinalipo zambiri ndipo nkhono zinali zochepa. Paki imeneyo inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, chifukwa nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse, mazanamazana, ndipo yochuluka sipezeka kwina kulikonse.

Mapiritsi amene ana amamwa kusukulu amagwira ntchito, musawaletse kumwa. Koma mwana akachira lero, mawa n'kukasamba pa nkhono zomwezo, matenda amayambiranso. Chimbudzi padooko ndi nsomba zodya nkhono zimathandizana ndi mapiritsiwo.

Mayi akufunsa kuti nanga matope a m'dzinja? Funso labwino, mayi. Tili ndi kambale koyera komanga ku chingwe, timakatsitsa m'madzi mpaka katasowa m'maso, n'kuyeza chingwecho. Kutali ndi mtsinje kamaoneka ngakhale katatsika mamita oposa 10. Pamathiriro a mtsinje mvula ikagwa, kamasowa dzanja lisanamire. Dothi limenelo ndi la m'minda ya kumtunda kumene mitengo inatha. Likakhazikika pa miyala limakwirira ndere zimene mbuna zimadya, ndipo m'mitsinje limakwirira timiyala timene mpasa imaikirapo mazira. Mpasa ikukwerabe mu Bua chifukwa mtsinjewo umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Ndipo dziwani kuti nyanja ino ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ndi dzuwa. Chimene chalowamo chimakhalitsa.

Kuti zinthu zimatheka, pitani ku Mbenji, ku Salima. Kumeneko a mfumu Makanjira amatseka chilumba mvula ikayamba, asodzi onse amachoka, amakatsegulanso ndi mwambo mvula ikatha. Mowa suloledwa pachilumbapo, nyali zophera nsomba n'zoletsedwa. Lamulo limenelo si la boma, ndi la mfumu ndi anthu ake, lakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo utaka wa ku Mbenji ukugwidwabe waukuluukulu. 

A gulupu, pempho langa ndi ili. Tisankhe malo amodzi a mabango, kuyambira pa mkuyu uja kukafika pa mathiriro, pasakokedwe khoka kapena neti ya udzudzu, pasadulidwe bango. Malirewo muike ndinu, osati ine. Chachiwiri, ndikufuna anthu anayi, amayi awiri ndi abambo awiri, amene ndiwaphunzitse kuyeza. Kawiri pa sabata azitenga nsomba 30 pa bwato limodzi, kuyeza utali, kulemba mtundu wake ndi chida chimene yagwidwira, nsombazo n'kubwezera mwini wake. Kope lizikhala ndi komiti pompano, kuti ikatha miyezi 12 tidzakhalenso pansi pa mtengo uno tiwerenge limodzi. Aphunzitsi avomera kuti ana a sitandade 7 azibwera kudzawerenga nkhono m'mphepete, titawaveka nsapato za mphira kuti asakhudze madzi.

Lachinayi m'mamawa ndidzabwera ndi mathabwa awiri, kambale kaja ndi makope. Amene mwakonzeka perekani maina kwa a mlembi tisanabalalike. Bambo kumbuyoko mwakweza dzanja, lankhulani.